Makorali aang'ono osamanga matanthwe: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene ophunzira zamoyo za m'nyanja, osambira pansi pa madzi ndiponso oweta nsomba m'magalasi amabwereza kufunsa akakumana ndi timakorali tomera kunsi kwa miyala, m'mapanga ndi pa zitsulo za padoko. Oyambirira ndi a munthu wongoyamba kumene. Akumapeto akufuna kuti mukhale ndi chigoba patebulo ndi galasi lokulitsira m'manja.

Kodi korali ndi mwala, chomera kapena nyama?

Ndi nyama. Chimene anthu amatola pamchenga n'kumati ndi mwala ndi chigoba chabe, mwini wake atafa kale. Kanyamako kamatchedwa polipi. Ndi kathumba kofewa, kotseka pansi, kokhala ndi kabowo kamodzi pamwamba kozunguliridwa ndi timikono. Chakudya chimalowera pakabowoko, zotsalira zimatulukiranso pomwepo.

Makorali olimba onse ali m'gulu la Scleractinia, lomwe lili mkati mwa Hexacorallia, Anthozoa, kenako Cnidaria, mmene mulinso jellyfish ndi sea anemone. Mitundu yamoyo lero ndi yoposa 1,500, ndipo zigoba zawo zimayamba kuoneka m'miyala ya nthawi ya Triassic, zaka pafupifupi 240 miliyoni zapitazo. Chigobacho ndi cha aragonite, mtundu wina wa calcium carbonate. Mukadonthezapo viniga chimachita thovu.

Polipi mmodzi akaphukira anzake, onse n'kukhala pa chigoba chimodzi, chinthu chonsecho timachitcha koloni. Mapolipi a koloni limodzi ndi ofanana chibadwa chonse, chifukwa anachokera ku kamphutsi kamodzi.

Mukamati "osamanga matanthwe" mukutanthauza chiyani?

Makorali ena, monga Acropora ndi Porites, amakula msanga ndipo zigoba zawo zimasanjikizana mibadwomibadwo mpaka kukhala matanthwe otalika makilomita. Amene tikukamba pano satero. Koloni lawo nthawi zambiri silipitirira masentimita 5 mpaka 15, limamera pa chinthu chimene lachipeza kale, ndipo likafa chigoba chimagumuka osasiya maziko oti ena amangepo.

Mu 1933 John W. Wells anatcha omanga matanthwe hermatypic, osamanga ahermatypic. Mawuwa anabweretsa chisokonezo chifukwa anthu anayamba kuwagwiritsa ntchito ngati akunena za ndere zokhala m'thupi la korali, zotchedwa zooxanthellae. Mu 1985 Helmut Schuhmacher ndi Helmut Zibrowius analekanitsa nkhanizi: kukhala ndi ndere ndi funso lina, kumanga ndi funso linanso. Umboni wake ndi Desmophyllum pertusum, amene mabuku akale amamutcha Lophelia pertusa. Alibe ndere ngakhale pang'ono, amakhala mumdima ndi m'madzi ozizira, koma ku Røst, kufupi ndi zilumba za Lofoten ku Norway, anamanga matanthwe otalika makilomita pafupifupi 40, amene anapezeka mu 2002. Ameneyu sali m'nkhani yathu.

Ndiye onsewa ndi banja limodzi?

Ayi, ndipo ili ndilo yankho lofunika kuligwira musanapitirire. "Aang'ono, okhala m'koloni, osamanga matanthwe" ndi khalidwe, si ubale. Makorali a khalidweli ali m'mabanja angapo otalikirana: Rhizangiidae kapena Astrangiidae, Dendrophylliidae, Caryophylliidae, Oculinidae, ngakhale Pocilloporidae. Awiri akhoza kumera pa mwala umodzi, ofanana kukula ndi maonekedwe, koma ubale wawo n'kukhala wakutali kwambiri.

Pa makorali olimba onse, pafupifupi theka ndi opanda ndere. Mwa opanda nderewo, atatu mwa anayi alionse amakhala okhaokha, polipi mmodzi pa chigoba chake. Otsalawo ndi amene amapanga makoloni, ndipo ambiri a nkhani yathu ali m'menemo.

Amapezeka kuti? Nanga m'nyanja ya Malawi alimo?

M'nyanja ya Malawi mulibe, monganso mu Kariba ndi mu Tanganyika. Makorali olimba onse amafuna madzi amchere. Kwa ife malo apafupi ndi gombe la Mozambique, monga Pemba, Nacala, Bazaruto ndi Inhaca, komanso Sodwana Bay ndi Aliwal Shoal ku South Africa. Kumeneko Tubastraea walalanje amapezeka m'mapanga, ndipo ku gombe la KwaZulu-Natal kuli Culicia amene anapatsidwa dzina la natalensis.

Pamalo pomwepo musawafune pamwamba pa thanthwe pamene pakuwala dzuwa. Pamenepo ndere zikuluzikulu ndi makorali okula msanga amawaphimba. Yang'anani kudenga la phanga, kunsi kwa miyala yotembenuzika, pa mizati ya padoko, pa sitima zomira ndi pa zigoba za nkhono zakufa. Mukatembenuza mwala muubwezere mmene unalili, apo ayi zonse zokhala kunsi kwake zifa ndi dzuwa.

Thupi lofewa la polipi linapangidwa bwanji?

Khungu la kathumbako lili ndi zigawo zitatu: epidermis kunja, gastrodermis mkati, ndi mesoglea pakati, yomwe mwa makorali ndi yopyapyala. Pakamwa pamatsikira m'kammero kafupi, kenako m'mimba. Mimbayo inagawidwa ndi timakatani ta mnofu totchedwa mesentery, tomwe timakhala tiwiritiwiri. M'mphepete mwake muli timaulusi topotana togaya chakudya, ndipo polipi amatha kutitulutsa kunja kuti agaye nyama yaikulu kapena kuwotcha mnansi amene akumupanikiza. Mazira ndi umuna zimapangidwanso m'timakatani momwemo.

Timikono ndi tosalala, topanda nthenga m'mbali, ndipo chiwerengero chake chimayenderana ndi cha timakoma ta chigoba. Tili ndi maselo okhala ndi timatumba toluma totchedwa nematocyst ndi ena okhala ndi timatumba tomata totchedwa spirocyst. Mwa Astrangia maselowa amaunjikana, n'kuoneka ngati timadontho toyera pa kamkono koonekera mkati, ndi kampira kunsonga.

Chigoba chili kunja kwa thupi, kunsi kwake. Khungu la pansi, calicodermis, ndilo limatulutsa aragonite, ndipo maselo otchedwa desmocyte amamangirira mnofu ku chigobacho. Polipi akadzidzimuka amatulutsa madzi m'mimba n'kuphwa, kulowa pakati pa timakoma. N'chifukwa chake masana koloni limaoneka ngati lakufa.

Kodi zigawo za chigoba ndi ziti?

Chigoba chonse cha koloni ndi corallum. Kachikho ka polipi mmodzi ndi corallite, ndipo kukamwa kwa kachikhoko, kumene mumaona mukayang'ana kuchokera pamwamba, ndi calice. Tizigawo totsatirati ndi timene muyenera kutidziwa.

Khoma lozungulira kachikho ndi theca. Likhoza kukhala lolimba lopanda bowo, kapena lobowokabowoka. Nthawi zina kunja kwake kumakutidwa ndi kansalu kopyapyala ka laimu kokhala ndi makwinya ozungulira, epitheca.

Timakoma toimirira tochokera kukhoma kulowera pakati ndi septa. Pamwamba pake pakhoza kukhala posalala kapena pa mano, ndipo tikhoza kutumphukira pamwamba pa khoma kapena kukhala m'munsi mwake. Timakoma tikapitirira kunja kwa khoma ngati timizere totsika, timeneto ndi costae.

Pakati penipeni pali columella. Mwa ena ndi kamzati kamodzi kosongoka, mwa ena ndi timinsonga tambiri tothinana, mwa ena ndi kamulu kotayana ka timaulusi topiringizana, ndipo mwa ena palibe. Pakati pa columella ndi nsonga za timakoma pamatha kuima timizati tina tosiyana ndi zonsezi, totchedwa palus. Timizati ta palus tikapanga bwalo looneka bwino, ndi chizindikiro champhamvu.

Chigoba cha pakati pa kachikho ndi kachikho ndi coenosteum, ndipo mnofu wochiphimba, wolumikiza mapolipi, ndi coenosarc. Mkati mwa kachikho katali mumakhala timadenga topingasa, dissepiment, tomwe polipi amasiya akamakwera. Timaoneka pokhapokha mutaswa kachikho chotsika.

Timakoma timawerengedwa bwanji?

Timabadwa m'mibadwo. Mbadwo woyamba ndi timakoma 6. Wachiwiri ndi 6 tina tolowa pakati pa toyambato, kukhala 12. Wachitatu ndi 12, kukhala 24. Wachinayi ndi 24, kukhala 48. Wachisanu ndi 48, kukhala 96. Mabuku amalemba S1, S2, S3, S4, ndipo mukaona S1>S2>S3 ndiye kuti mbadwo woyamba ndi waukulu kuposa wachiwiri, wachiwiri kuposa wachitatu.

Musayambe kuwerenga mozungulira kamodzikamodzi, mudzasokonezeka musanafike pa 20. Pezani kaye timakoma 6 tatikulu koposa. Mpata wa pakati pa tiwiri toyandikana ndi chigawo chimodzi, ndipo zigawo zilipo 6. Werengani za m'chigawo chimodzi: mukapeza 1, mibadwo ndi iwiri, mukapeza 3, ndi itatu, mukapeza 7, ndi inayi. Kenako onani zigawo zinazo, chifukwa mbadwo womaliza kawirikawiri sukwanira. Kachikho ka timakoma 36 kali ndi mibadwo itatu yathunthu ndi theka la wachinayi. Pena S1 ndi S2 zimafanana msinkhu, ndiye mumaona tatikulu 12 m'malo mwa 6.

Pali dongosolo lina lofunika kulizindikira, lotchedwa la Pourtalès, potengera Louis François de Pourtalès amene ankakoka makorali a pansi pa nyanja ku Florida m'zaka za m'ma 1860. Mwachizolowezi mbadwo womaliza ndiwo waufupi koposa. M'dongosolo la Pourtalès zimatembenuka: timakoma tiwiri ta S4 timapindikira kutsogolo kwa S3, n'kukumana, n'kupitirira ngati kakhoma kamodzi mpaka ku columella, S3 n'kutsala katsekeredwa m'kati mwa katatu. Mukayang'ana kuchokera pamwamba mumaona nyenyezi ya timakona. Dongosololi ndi la banja la Dendrophylliidae.

Koloni limakula bwanji, ndipo maonekedwe ake amauza chiyani?

Kuphukira kuli pawiri. Polipi akhoza kugawika mkati mwa bwalo la timikono take, pakamwa pamodzi n'kukhala pawiri. Kapena mphukira ikhoza kutuluka kunja kwa bwalolo, pa khoma, pa mnofu wolumikiza kapena patsinde. Makorali a nkhani yathu ambiri amatsata njira yachiwiri, ndiye tizikho tawo timakhala tozungulira bwino, tating'ono titaima pambali pa tatikulu.

Malo amene mphukira yatulukira ndiwo amapanga maonekedwe. Mwa Culicia ndi Rhizopsammia, patsinde pamatuluka kamtsitsi kafulati, stolon, kamene kamayanga pamwala monga amachitira kapinga pabwalo, n'kudzutsa kachikho kena patsogolo. Koloni lotere ndi reptoid. Tizikho tikamera pa chiphaka chimodzi cha coenosteum, kalikonse ndi khoma lake, ndi plocoid. Tikathinana mpaka kugawana khoma, ndi cerioid. Tikatalika ngati timachubu toimirira pambali pa tinzake, ndi phaceloid. Mphukira zikamatuluka m'mbali mwa kachikho n'kupanga nthambi, ndi dendroid.

Chenjezo lake ndi ili: mtundu umodzi umasintha maonekedwe malinga ndi malo. Astrangia poculata pamwala wotakasuka ndi plocoid, akathinana amakhala cerioid, ndipo akakuta chubu cha nyongolotsi kapena tsinde la chamoyo china amaoneka ngati wanthambi.

Rhizangiidae ndi Astrangiidae ndi ati?

Awa ndiwo amayenera kwambiri dzina la nkhaniyi. Kwa zaka zambiri mabuku ankayika Astrangia, Culicia, Oulangia ndi Cladangia m'banja la Rhizangiidae, limene Alcide d'Orbigny analitchula mu 1851. Tizikho tawo ndi tatifupi, nthawi zambiri tosakwana sentimita imodzi kutambalala, khoma lolimba, timakoma ta mano, columella wa timinsonga, ndipo timalumikizana ndi timitsitsi kapena chiphaka chopyapyala.

Astrangia, dzina la Henri Milne Edwards ndi Jules Haime la 1848, ali ndi mano pa timakoma ta mibadwo yonse, ndipo mano a m'munsi amasakanikirana ndi columella mpaka malire osaoneka. Wodziwika koposa ndi Astrangia poculata wa ku gombe la kum'mawa kwa United States, kuyambira cha ku Cape Cod mpaka ku Gulf of Mexico. Boma la Rhode Island linamusankha kukhala korali wa chigawocho mu 2021.

Culicia, dzina la James Dwight Dana la 1846, ndi wa nyanja za Indian ndi Pacific. Tizikho take ndi timachubu tatifupi ta mamilimita ochepa, kunja kosalala kokutidwa ndi epitheca, ndipo timakoma sitikwera pamwamba pa khoma. Oulangia ali ndi tizikho tokulirapo ndi timakoma totumphuka. Musamusokoneze ndi Oulastrea, wa chigoba chakuda ndi timakoma toyera, amene ndi wa banja lina.

Za chifukwa chake mayina a banja ali awiri, onani funso la kusintha kwa mayina.

Nanga walalanje uja wa m'mapanga ndi wa banja liti?

Ndi Tubastraea, wa Dendrophylliidae, banja limene John Edward Gray analitchula mu 1847. Chizindikiro cha banjali ndi khoma lobowokabowoka, lomangidwa ndi timipiringidzo totchedwa synapticula. Mukaligwira ndi chala limakhakhala, mukaliyang'ana ndi galasi mumaona timabowo pakati pa timizere.

Mkati mwa banjali siyanitsani chonchi. Dendrophyllia ndi wanthambi ndipo ali ndi dongosolo la Pourtalès. Cladopsammia ndi kachitsamba kakang'ono kochokera patsinde limodzi, nayenso wa Pourtalès. Rhizopsammia ali ndi Pourtalès ndi timitsitsi. Tubastraea wamkulu alibe dongosololi, timakoma take ndi toongoka. Tubastraea coccinea amapanga mibulu ya tizikho ta pafupifupi sentimita imodzi kutambalala. Mbale wake Tubastraea micranthus, wobiriwira modera, amakula nthambi zofika mita, choncho si wamng'ono. Ku Mediterranean kuli Astroides calycularis, walalanjenso, wokuta makoma a miyala kumwera kwa Italy ndi Spain.

Ali amoyo, Tubastraea ndi Dendrophyllia wamng'ono amafanana moti chithunzi sichikwanira kuwasiyanitsa. M'masitolo a nsomba mayinawa amasinthanitsidwa kawirikawiri.

Ena otsalawo?

M'banja la Caryophylliidae ambiri ndi okhala okha, koma Polycyathus, Phyllangia, Coenocyathus ndi Hoplangia amapanga makoloni aang'ono. Khoma lawo ndi lolimba ndipo timakoma ndi tosalala pamwamba, kusiyana ndi mano a Astrangia. Polycyathus ali ndi timizati ta palus patsogolo pa mibadwo yonse kupatula womaliza. Phyllangia americana amapezeka ku Caribbean ndi ku Mediterranean.

Madracis, wa Pocilloporidae, amathyola lamulo la 6: mitundu yake yambiri ili ndi timakoma 10 ndi kamzati kamodzi kosongoka pakati. Madracis pharensis amakuta madenga a mapanga. Mu Oculinidae muli Oculina arbuscula, kachitsamba ka ku gombe la North Carolina ndi Georgia.

N'chifukwa chiyani mayina ndi mabanja amasinthasintha?

Chifukwa dongosolo lakale linamangidwa pa chigoba chokha. Milne Edwards ndi Haime anayala maziko chapakati pa zaka za m'ma 1800. T. Wayland Vaughan ndi Wells anakonzanso mu 1943, Wells n'kubwerezanso mu 1956. Mu 1996 Sandra Romano ndi Stephen Palumbi, atayerekeza DNA, anapeza kuti makorali olimba agawika m'nthambi ziwiri zikuluzikulu, zotchedwa complex ndi robust, zimene sizigwirizana ndi magulu akalewo. Dendrophylliidae anagwera ku complex ndipo banjalo linapezeka kuti ndi loona. Astrangia anagwera ku robust. Caryophylliidae anapezeka kuti ndi thumba losakaniza, a m'banjamo ena ku nthambi iyi, ena ku inayo. Kachikho kosavuta ka khoma ndi timakoma kanatulukira kangapo m'mizere yosiyana, ndiye kufanana kwa chigoba sikutsimikiza ubale.

Nkhani ya Rhizangiidae ndi ya malamulo a mayina. Dzina la banja limamangiriridwa ku genus imodzi (kagulu ka mitundu yapachibale mkati mwa banja), pano Rhizangia, yodziwika ndi zigoba za m'miyala yakale zokha. Ataiunikanso, akatswiri ena anaona kuti ili pafupi ndi Siderastrea, korali wa m'matanthwe. Ndiye m'ndandanda zatsopano dzina la Rhizangiidae lapita kwa Siderastrea, Astrangia n'kulembedwa pansi pa Astrangiidae. Mabuku ambiri akadali ndi dongosolo lakale. Polemba lipoti onani World Register of Marine Species, imene imasungidwa ndi Flanders Marine Institute ku Oostende, ndipo lembani tsiku limene mwaonalo.

Mayina a mitundu nawonso amaphatikizidwa. Astrangia danae ndi Astrangia astreiformis a m'mabuku akale anapezeka mu 1988 kuti ndi mtundu umodzi, ndipo dzina lakale koposa, poculata la John Ellis ndi Daniel Solander la 1786, ndilo linapambana.

Opanda ndere amadya chiyani? Bwanji Astrangia wina ndi woyera, wina wofiirira?

Amasaka. Amatambasula timikono, makamaka usiku kapena madzi akamayenda, n'kugwira tinkhanu tating'onoting'ono, timphutsi ndi tizidutswa ta zamoyo zakufa. Tina timakodwa m'ntchofu ya pakhungu n'kukankhidwira kukamwa. Popeza chakudya chimabwera ndi madzi, malo oyenda madzi ndiwo amadzaza.

Astrangia poculata ali pakatikati. Akhoza kukhala ndi ndere za mtundu wa Breviolum psygmophilum kapena kukhala pafupifupi wopanda. Wokhala nazo zambiri ndi wofiirira, wosowa ndi woyera moonekera mkati, ndipo koloni limodzi limatha kukhala lamawangamawanga. Kuyera kwake si matenda ngati mmene zimakhalira ndi makorali a m'matanthwe akatentha. Ichi ndicho chifukwa ofufuza amamukonda: amatha kuyerekeza wa ndere ndi wopanda ndere, onse athanzi, m'thanki imodzi. Kumpoto kwa dera lake, madzi akazizira kwambiri kuyambira December mpaka March, mapolipi amalowa m'tizikho, amasiya kudya, ndipo sayankha mukawakhudza. Amadzuka madzi akafunda.

Ndikonze bwanji chitsanzo kuti chizindikirike?

Jambulani koloni lamoyo kaye, mapolipi ali otambasuka, rula ili pambali, chifukwa mtundu ndi timikono sizibwereranso. Pochotsa, tengani ndi kachidutswa ka mwala kamene lamerapo. Mukabudula tizikho tokha, timitsitsi ndi tsinde zimatsala, ndiye mwataya umboni wa mmene koloni limaphukira.

Gawani patatu. Polipi mmodzi kapena awiri ikani mu ethanol wa 95 peresenti kapena kuposa, wa DNA, ndipo musinthe ethanolyo pakatha tsiku chifukwa madzi a m'thupi amamusungunula. Gawo lofuna kuona mnofu ikani mu formalin wa 10 peresenti wosakaniza ndi madzi a m'nyanja kwa tsiku limodzi, kenako mu ethanol wa 70 peresenti. Formalin amawononga DNA, ndipo akakhalitsa amasanduka asidi n'kudya mano a timakoma.

Gawo lalikulu ndi la chigoba. Viikani mu jiki wochapira, gawo limodzi pa magawo atatu a madzi, kwa tsiku limodzi kapena awiri, mpaka mnofu wonse utachoka. Tsukani ndi madzi opopera pa sirinji, kenako muviike m'madzi oyera usiku wonse, muwasinthe kawiri, n'kuyanika pamthunzi. Musakwechese mkati mwa kachikho ndi mswachi: mano ndi timizati ta palus timathyoka. Jiki wotsalira amapangitsa chigoba kufumbutuka pakapita nthawi. Ndipo musayandikize jiki ndi viniga kapena asidi wina aliyense, amatulutsa mpweya wa chlorine.

Yezani kukamwa kwa tizikho 10 tatikulu, mbali yotalika ndi yofupika, pamodzi ndi kutalika kwa kachikho. Galasi lokulitsa ka 10 limakwanira kuona khoma ndi mibadwo. Mano ndi palus zimafuna maikulosikopu yokulitsa ka 20 mpaka 40, nyali itawalira chammbali kuti mithunzi ioneke. Chikalata chilembedwe ndi pensulo: malo, kuya, tsiku, ndi chimene linamerapo.

Zolakwika zofala pozindikira ndi ziti?

Choyamba ndi kuwerenga timakoma ta kachikho kakang'ono. Mphukira imakhala ndi 12 kapena 24 pamene wamkulu ali ndi 48, ndipo tizikho tating'ono ta Tubastraea timatha kuonetsa timakoma tokumana ngati Pourtalès.

Chachiwiri ndi kusokoneza koloni ndi khamu. Timphutsi ta korali wokhala yekha, monga Balanophyllia kapena Caryophyllia, timatha kutera pa chigoba cha kholo, tizikho n'kumatirirana. Limaoneka ngati koloni koma si mphukira. Kumbali ina, timitsitsi ta Culicia timafa n'kukutidwa ndi ndere zolimba kapena masiponji, ndiye koloni lenileni limaoneka ngati tizikho tomwazikana. Palani pang'onopang'ono pakati pa tizikho ndi singano kuti muone.

Chachitatu ndi kudalira zotola pagombe. Mchenga umakhala utapera mano, palus ndi costae, ndipo chotsalacho sichingapitirire dzina la banja.

Chachinayi, chinthucho chikhoza kusakhala korali wolimba n'komwe. Zoanthid alibe chigoba, amangomata mchenga pakhungu. Corynactis ali ndi timipira kunsonga za timikono koma ndi wofewa yense. Polipi wa timikono 8 ta nthenga ndi wa Octocorallia. Stylasteridae, a nthambi zapinki kapena zofiirira, ndi a Hydrozoa: timabowo tawo tozungulira bowo lapakati timanamiza ngati timakoma.

N'zoona kuti ena akuwononga zachilengedwe?

Inde, Tubastraea. Kwawo ndi nyanja za Indian ndi Pacific, koma T. coccinea analembedwa ku Puerto Rico ndi Curaçao mu 1943, ndipo lero wadzaza pa nsanja zokumbira mafuta za ku Gulf of Mexico. Ku Brazil anaoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa nsanja za ku Campos Basin, pamodzi ndi T. tagusensis, n'kufalikira pa gombe lotalika makilomita oposa 3,000. Ku Ilha Grande amakuta makoma a miyala n'kupha mnofu wa makorali a komweko amene akhudzana nawo.

Chimene chimamuthandiza ndi thupi lake lomwe. Amalera timphutsi totchedwa planula m'mimba n'kutitulutsa titakhwima kale, amayamba kubereka akadali kakoloni kakang'ono, ndipo kachidutswa kakang'ono ka mnofu ndi chigoba kamameranso. Ochotsa amagwiritsa ntchito hamala ndi tchizulo, kuzula koloni lathunthu patsinde, kulitsekera m'thumba pansi pa madzi pomwepo kuti timphutsi tisabalalike, n'kukalipha m'madzi opanda mchere. Kuliphwanya pamwala n'kuliwonjezera.

Angawetedwe m'thanki ya galasi?

Tubastraea amawetedwa, koma ambiri amafa ndi njala pang'onopang'ono. Nyali sizimuthandiza. Adyetseni katatu kapena kuposa pamlungu ndi tinkhanu ta mysis kapena nsomba yodula bwinobwino, chakudya chikufika pa polipi aliyense ndi pipette (kachubu kodonthezera), mapampu atazimitsidwa kwa mphindi 15. Mnofu wolumikiza ukapyapyala chakudya sichiyenda bwino kuchoka kwa polipi kupita kwa mnzake, ndiye wosadyetsedwa amafota. Chizindikiro cha njala ndi chigoba choyera choonekera pakati pa tizikho, kenako ndere zimamera pamenepo. Koloni lokana kutsegula lithireni madzi a chakudya nthawi yofanana madzulo alionse, limazolowera. Nsomba zikamalanda, vindikirani ndi botolo lapulasitiki lodula pansi.

Mchere ukhale magalamu 35 pa lita, kutentha madigiri 24 mpaka 26, calcium mamiligalamu 400 mpaka 450 pa lita, alkalinity (mphamvu ya madzi yochepetsa asidi) 7 mpaka 11 pa muyezo wa dKH. Kudyetsa kochuluka chonchi kumakweza nitrate ndi phosphate, choncho kusintha madzi sikungadumphidwe. Koloni latsopano liunikeni usiku ndi tochi: kankhono kachikasu ka Epidendrium ndi nkhono yopanda chigoba ya Phestilla melanobrachia zimadya mapolipi, ndipo maonekedwe ake ndi ofanana ndi a koraliyo.

Kodi ndikhoza kubwera nacho chigoba kuchokera kugombe?

Osati popanda mapepala. Scleractinia onse ali pa Appendix II (ndandanda yachiwiri) ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zachilengedwe, amoyo ndi zigoba zomwe, aang'ono ngati Culicia ndi aakulu omwe. Zigoba zosanduka miyala zakalekale ndizo zokha sizili m'lamuloli. Kuti chidutse malire pamafunika chilolezo chotulutsira cha dziko limene chachokera, ndipo m'malo otetezedwa monga Bazaruto ndi iSimangaliso ya ku South Africa kutolako kumafuna chilolezo chakechake. Wofufuza apemphe zilolezo zonse ziwiri asananyamuke, ndipo polipi wa m'kabotolo ka ethanol alembedwenso pa chilolezocho, chifukwa nayenso amawerengedwa ngati chitsanzo.